MALANGIZO A AGOGO AAKAZI: TISUNGE ZITI, TITAYE ZITI?

Pa tsamba lino tizolowera kuyesa mabuku osindikizidwa, ndi kuuza owerenga athu ngati buku lakuti liyenera kugulidwa kapena iai. Mwezi uno tifuna kuyesa chiphunzitso chimene sichinapiteko ku makina osindikizira, chinkana ophunzira ake achuluka koposa a buku lililonse la m'sukulu zathu. Tinena mau aja agogo aakazi alankhula tsiku ndi tsiku pamtondo, pamoto ndi panjira ya kuchitsime: mau a za panyumba, za banja ndi za kaleredwe ka ana. Ambiri a ife tidamva mau amenewa tisanagwire choko kapena pensulo, ndipo kufikira lero alikulamulira m'nyumba za Akristu mwakachetechete, osayesedwa ndi munthu.

Nkhaniyi si yocheza nayo chabe. Amene ayenda m'midzi ya kumapiri kuno ku Dedza, kuyambira ku Bembeke kufikira ku Mphunzi ndi ku Linthipe, adziwa kuti m'nyumba zambiri wolera ana ndiye gogo. Kale abambo ankapita ku Halale ndi ku migodi ya ku Joni, ena nasanduka matchona, ana natsala ndi amai ndi agogo. Kuyambira chaka cha 1985, pamene matenda a Edzi adapezeka koyamba m'dziko muno, amai omwe adayamba kutha, ndipo nkhalamba zambiri zidabwerera ku mbereko zitaiwala kale kulemera kwa mwana kumsana. Masiku ano anyamata ndi atsikana omwe apita ku South Africa kukafuna ntchito, nasiya makanda kwa amao. Tsono chimene gogo akhulupirira ndicho chimene mwana adya, chimene amwa, ndi chimene aopa. Chiphunzitso chake chikakhala cholungama, mudzi upindula. Chikakhala ndi chilema, chilemacho chilowa m'thupi ndi mumtima mwa mdzukulu.

Tinene msanga chimene tapeza, kuti owerenga atsate bwino. Malangizo a agogo ali ngati nkhokwe ya chimanga chabwino m'mene mwalowa anankafumbwe. Chimanga ndicho nzeru ya kukhala ndi anthu, ya kugwira ntchito ndi ya kusunga nyumba. Nankafumbwe ndiye chizolowezi cha kupereka lamulo pamodzi ndi choopsa, m'malo mwa kulipereka pamodzi ndi chifukwa chake. Munthu wanzeru satentha nkhokwe kaamba ka anankafumbwe, ndiponso sasinja zonse pamodzi. Atenga lichero napeta.

Kumene mphamvu ya agogo ichokera

Pa mwambo wa Achewa mwamuna akakwatira apita kukakhala kwao kwa mkazi, ndicho chikamwini, ndipo ana awerengedwa a mbumba ya kuchikazi. Potero gogo wobala amai ndiye tsinde la mudzi. Ana ake aakazi amanga mozungulira nyumba yake yaikulu, imene tiitcha kuka. Adzukulu adyera pakhomo pake, ndipo atsikana osinkhuka agona m'nyumba mwake kapena pafupi pomwepo. Mkamwini angakhale ali ndi mau pa khasu ndi pa nkhokwe, pa za mimba, kubadwa, kuyamwitsa ndi kutha msinkhu mau ngaapongozi ake.

M'nyumba zazikulu za Angoni, kumene ana atsata atate ao, mphamvu yomweyo ili ndi gogo wobala abambo. Mai wina wa ku England, Margaret Read, adakhala pakati pa Angoni a kwa Gomani ndi a kwa M'mbelwa m'zaka za 1935 kufikira 1939, nalemba zimene adaona m'buku lotchedwa Children of Their Fathers, limene lidatuluka mu 1959. Iye afotokoza kuti gogo ndi akazi aakulu anzake ndiwo ankalamula tsiku loletsa mwana kuyamwa, ndi kuti mnyamata ankaleredwa pakati pa akazi kufikira atamera mano achikulire, ndi pomwepo ankalowa m'laweni, nyumba yogona anyamata. Bukuli lidalembedwa ndi munthu wa maso akuthwa ndi waulemu, ndipo tiliyamika. Koma tilipeza loperewera patatu. Dzina lake linena za ana a atate ao, pamene masamba ake omwe aonetsa kuti zaka zoyamba za mwana zili m'manja mwa akazi. Liyang'ana makamaka m'midzi ya mafumu, kumene kudali ng'ombe ndi alezi, osati pakhomo pa mai wamasiye wa dengu limodzi la chimanga. Ndiponso lidalembedwa m'Chingerezi, lopita kwa owerenga a ku London kumene mwini wake ankaphunzitsa, osati kwa agogo amene adamuuza nzeru zao.

M'chinenero chathu tili ndi Nthondo, buku la Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, limene lidatuluka mu 1933, nilimasuliridwa m'Chingerezi ndi Cullen Young mu 1934. Litsata moyo wa Mchewa mmodzi kuyambira kubadwa kufikira kumwalira, ndipo miyambo ya m'mudzi ilimo yambiri. Koma mwini nkhani ndi mwamuna, ndipo maganizo amene titsata ndi ake.

Tikafuna cholembedwa ndi agogo eni ake, tiyenera kukwera phiri. M'nkhalango ya Chongoni ndi m'mapiri oizungulira muli malo 127 a zithunzi zojambulidwa pamiyala, amene bungwe la UNESCO lidawawerenga mu 2006 pakati pa chuma cha dziko lonse lapansi. Zina mwa zithunzi zoyera, monga za paphanga la Mwana wa Chentcherere, ofufuza apeza kuti zidajambulidwa ndi akazi a Chichewa pophunzitsa anamwali. Koma chithunzi chidali chokumbutsa chabe. Tanthauzo lidali m'kamwa mwa namkungwi, ndipo ankalibisa kwa osavinidwa. Pamenepa tiona kale mtima wa chiphunzitso ichi: nchakale, ncholongosoka, koma chikonda kuonetsa chizindikiro ndi kubisa chifukwa.

Zokoma zake

Choyamba, malangizo a gogo afika pa nthawi yake. Mphunzitsi wa sukulu aphunzitsa za ukhondo Lachiwiri chifukwa ndandanda yatero. Gogo aphunzitsa pomwe mdzukulu watambasula dzanja losasamba kulunjika ku mbale. Kupeta, kusinja, kutendera nkhwani, kufutsa ndiwo za m'chilimwe, kuzira nyumba, kusiyanitsa bowa wodyedwa ndi wakupha, kulandira chinthu ndi manja awiri, kupatukira wamkulu panjira: zonsezi mwana aziphunzira alikuzichita, mphunzitsi ali pambali pake. Gogo amene adaona njala ya 2002 salola mkute kutayidwa, ndipo mdzukulu aphunzira kusunga asanamve dzina la phunzirolo. Mabuku a kaphunzitsidwe atiuza kuti mwana agwira msanga chimene achita ndi manja ake. Agogo adadziwa zimenezi asanaone buku.

Chachiwiri, aphunzitsa ndi nthano. Usiku wa mwezi wa June, chisanu chitatsika m'phiri, ana aunjikana pamoto, gogo nayamba kuti, Padangotero. Ana nayankha, Tili tonse. Sanena kuti ulesi ngwoipa. Asimba za Kalulu amene adakana kukumba chitsime pamodzi ndi nyama zinzake, nayamba kuba madzi usiku, kufikira Kamba wonyozeka uja adamgwira. Mwana aweruza yekha mlanduwo, ndipo chiweruzo chimene munthu wachipeza yekha sachiiwala. Ambuye wathu omwe ankaphunzitsa ndi mafanizo a wofesa mbeu, a nkhosa yotayika ndi a mkazi wosesa m'nyumba kufuna ndalama yake. Chokhachi tichenjeze: m'nthano zambiri Kalulu apulumuka ndi bodza, ndipo ana amkonda. Wosimba Wachikristu asalekeze nthano pa kuseka kokha. Afunse ana kuti, Nanga amene adanyengedwa uja adamva bwanji?

Chachitatu, ndipo ichi nchopambana, pakati pa gogo ndi mdzukulu palibe manyazi aja ali pakati pa kholo ndi mwana. Gogo aitana mdzukulu wamwamuna kuti amuna anga, wamkazi namuti mkazi mnzanga, naseka naye, nalimbirana naye chikwatu cha chimanga chootcha. Chibale chanthabwala ichi si chachabe. Chitsegula khomo limene makolo sangalitsegule. Mtsikana akaona zachilendo m'thupi mwake sapita kwa amake. Mnyamata akalakwira atate wake athawira kumbuyo kwa gogo, gogo nakampepesera. Nyumba yopanda khomo lotere ibala ana obisa zao kufikira zitaonongeka. Palibe sukulu kapena kalasi ya mpingo imene ingapange chibale chotere ndi lamulo.

Chachinai, tisaiwale kuti agogo a lero si akunja. Misyoni ya ku Mvera idayamba mu 1889, ya ku Nkhoma mu 1896, ya ku Mlanda mu 1902 ndi ya ku Mphunzi mu 1903; Akatolika adafika ku Mua mu 1902 ndi ku Bembeke mu 1910. Tsono gogo wa lero ndi mdzukulu kapena mdzukulutubvi wa obatizidwa oyamba. Ambiri a iwo, angakhale maso adachita khungu, asunga pamtima nyimbo, katekisma ndi mavesi koposa ana ao ophunzira. M'nyumba zambiri pemphero la madzulo likadatha kale pakadapanda gogo wokana kugona asanapemphere.

Zilema zake

Tsopano tione anankafumbwe. Gogo auza mwana kuti, Usakhalire fuwa, mkazi wako angadzafe. Usayende chambuyo, amako angagwere mumphika. Usaimbe mluzu usiku, ungaitane afiti. Malamulo awiri oyambawo ngabwino ndithu: fuwa likhoza kukhala lamoto chinkana lioneka lozizira, ndipo woyenda chambuyo m'nyumba ya moto pakati agwera pamoto. Koma chifukwa chenicheni chabisika, nichivekedwa choopsa chabodza. Kale njira iyi inkagwira ntchito, popeza mwana sankamva mau ena koma a m'mudzi. Lero siitero. Chiyambire 1994, pamene Boma lidachotsa malipiro a sukulu za pulaimale, ana ochuluka alowa m'kalasi, naphunzira kufunsa. Mwana ayenda chambuyo mobisa, aona amake ali bwinobwino, nati mumtima, Agogo anama. Tsoka lake nlakuti gogo yemweyo akadzamchenjeza za kachasu, za chiwerewere ndi za matenda akupha, mwanayo aika mau oonawo m'dengu limodzi ndi za fuwa zija, nataya zonse. Bodza laling'ono lonenedwa mwachikondi lidya choonadi chachikulu.

Pa za matenda a ana chilema ichi chifika pakupha. Khanda likatsegula m'mimba, liwombo nilowa, agogo ambiri afuna mankhwala opaka pamutu. Koma liwombo lilowa chifukwa madzi atha m'thupi, ndipo mankhwala ake ndiwo kuyamwitsa kosaleka, madzi aja a Thanzi, ndi kufulumira kuchipatala. Chimodzimodzi mwana akatupa mapazi ndi nkhope, tsitsi nilifiira, akulu ati ndi tsempho kapena mdulo: wina wa makolo wayenda njira yosayenera, kapena wina wathira mchere m'ndiwo pa nthawi yoletsedwa. Pomwepo nyumba iyamba kufunafuna wolakwa, mkazi akayikira mwamuna, mpongozi akayikira mkamwini, mwana alikufooka. Zizindikiro zomwezo dotolo wachikazi, Cicely Williams, adazifotokoza mu 1933 ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana, naonetsa kuti gwero lake ndi kuperewera kwa chakudya choyenera. Dzina limene adatenga kwa anthu a kumeneko, kwashiorkor, linena za nthenda ya mwana wochotsedwa kubere chifukwa mng'ono wake wabwera. Taonani tsono: akazi aakulu a ku Ghana ndi a kuno omwe adapenya bwino, kuti nthendayi ikonda mwana wolekezedwa kuyamwa mwadzidzidzi. Maso a agogo sadalakwe. Cholakwa ndi chifukwa chimene adapereka. Mwana wotere afuna phala la mgaiwa lothira nsinjiro, nyemba, usipa wosinja ndi dzira. Koma dzira lomwelo ena aliletsa kwa mai wapakati, ati mwana angabadwe wopanda tsitsi, nammana chakudya chomanga thupi pa nthawi imene achifunitsitsa.

Mu 2001 bungwe la za umoyo pa dziko lonse, la WHO, lidalangiza kuti khanda liyamwe bere lokha miyezi 6 yoyamba. Mau amenewa amai awamva kusikelo, koma abwerera kunyumba kumene wolamula ndi wina. Ku Ekwendeni, m'boma la Mzimba, Rachel Bezner Kerr ndi anzake ogwira ntchito pamodzi ndi chipatala cha misyoni adafufuza zimenezi, nalemba mu 2008 kuti agogo obala abambo ali ndi mau aakulu pa kadyetsedwe ka makanda, ndi kuti ambiri ankamwetsa ana madzi a zitsamba ndi phala lamadzimadzi miyeziyo isanakwane. Adaona kuti kuphunzitsa mai yekha nkosakwanira, ndi kuti agogo ayenera kuitanidwa ku zokambirana monga anthu odziwa, osati monga opalamula. Kumeneko nkutali, ndipo mwambo wao ngwa kuchimuna, koma phunziro lake litikhudza ndi ife a kuchikazi.

Chilema china chili pa malangizo a ukwati. Mau akuti banja ndi kupirira ali ndi choonadi, pakuti nyumba yopanda kupirira siima. Koma mau omwewo anenedwa kwa mkazi wobwera ndi diso lotupa, namuuza abwerere asachititse manyazi mbumba. Kupirira umphawi, matenda ndi zofooka za mnzako ndi ukoma Wachikristu. Kubisa nkhanza si ukoma iai, ndipo lamulo la dziko la 2006 loletsa nkhanza za m'banja lilipo kaamba ka zotere. Chomwechonso gogo wotopa ndi kudyetsa ana amasiye ayesedwa kuti akwatitse mdzukulu atangotha msinkhu, nati wakula. Lamulo la maukwati la 2015, ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017, zidaika zaka 18 kukhala malire. Pano tili ndi chitsanzo cha kwathu konkuno. Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Mtakataka, kunsi kwa mapiri athu, imene idalowa ufumu mu 2003, idathetsa maukwati a ana oposa 800 m'zaka zowerengeka, nibwezera anawo kusukulu, niletsa miyambo yoipitsa anamwali. Sidachite zimenezi monga mlendo wonyoza mwambo, koma monga mai wamkulu wokhala pampando wa makolo ake. Ndiko kupeta kumene tinena.

Potsiriza tinene chowawa. Mantha amene gogo afesa pamoto akula nabwerera kwa iye mwini. Mwana woleredwa ndi nkhani za afiti, akadzakula nataya khanda lake, afunafuna mfiti, ndipo chala chake chigwera nkhalamba ya maso ofiira ndi utsi. Mu January 2016 ku Neno anthu adapha nkhalamba zinai, atazinenera kuti zidatumiza mphezi imene idapha mtsikana. Lamulo loletsa kunenera munthu ufiti lidalembedwa kale mu 1911, koma lamulo silizula chimene chidabzalidwa mumtima wa mwana wa zaka zisanu.

Chimene Mpingo udachita

Amisyoni oyamba adaletsa Akristu kuvinira ana ao chinamwali. Koma kudaoneka kuti kuletsa kokha kusiya mpata, pakuti atsikana a mumpingo adatsala opanda wowalangiza, makolo ena nawatumiza mobisa kwa anamkungwi akale. Potero Mpingo wa Nkhoma udaika chilangizo ndi alangizi ake, ndipo mu 1940 Chigwirizano cha Amai chidakhazikika. Nzeru imeneyi idali yabwino, chifukwa idavomereza kuti ntchito ya akazi aakulu siingathetsedwe, koma iyenera kuyeretsedwa. Isabel Apawo Phiri, m'buku lake la 1997 lonena za akazi a Chichewa mu Sinodi ya Nkhoma, adaonetsa mbali ina ya nkhaniyi: kuti akazi amene adali ndi ulamuliro m'chipembedzo cha makolo, monga Makewana wa ku Msinja, polowa mumpingo adapeza mipando yoweruza ili ndi amuna okha. Owerenga ena sadzavomereza zonse za m'bukulo, koma funso lake nloyenera kulimva.

Ife tionjeza ziwiri. Chilangizo cha mpingo chichitika pa tsiku loikika, kwa ana ambiri pamodzi, ndi mau amodzimodzi. Gogo adziwa mdzukulu uyu kuti ngwamantha ndi uyo kuti ngwaliuma. Tsono chilangizo chithandize gogo, chisamlande malo. Chachiwiri nchoopsa koposa: nankafumbwe adziwa kulowa ndi m'nkhokwe yatsopano. Tamva makolo Achikristu alikuuza kamwana kotaya ndiwo kuti, Mulungu akulanga, ukapsa kumoto. Kodi kumeneku si kuopseza komwe kuja, kongosintha dzina? Kusiyana kwake nkwakuti mwana akadzazindikira kuti adamnyenga, chimene adzataya si fuwa koma Mulungu.

Chimene Malembo anena

Buku Lopatulika lilemekeza agogo aakazi. Paulo, polembera Timoteo kachiwiri, akumbukira kuti chikhulupiriro cha mnyamatayo chidayamba kukhala mwa agogo ake Loisi, kenaka mwa amake Yunike. Ndipo tidziwa kuchokera m'Machitidwe 16 kuti atate wake adali Mhelene. Nyumba imeneyo ifanana ndi zambiri za kuno, m'mene chikhulupiriro chiyenda ndi bele la kuchikazi. M'kalata ya kwa Tito, mutu 2, akazi okalamba apatsidwa ntchito ya kuphunzitsa akazi aang'ono zokoma za panyumba. Naomi adalera Obedi, mwana wa Rute, amene adadzakhala gogo wa Davide. Koma Malembo omwewo asimba za mfumu Asa, imene idachotsa agogo ake Maaka pa ulemu wao wa mai wa ufumu chifukwa cha fano limene adapanga, monga tiwerenga pa 1 Mafumu 15. Kulemekeza akulu sikutanthauza kuvomereza chilichonse chotuluka m'kamwa mwao.

Koposa zonse tipenye m'mene Mulungu adalamulira Aisrayeli kuphunzitsa ana. Pa Eksodo 12, pa Deuteronomo 6 ndi pa Yoswa 4 nkhani ndi imodzi: mwana adzafunsa tanthauzo la mwambo, kapena la lamulo, kapena la miyala younjikidwa, ndipo kholo liyenera kumyankha ndi mbiri yoona ya chipulumutso. Mulungu sadati mwana wofunsa atontholetsedwe ndi choopsa. Adayembekeza funsolo, nakonzeratu yankho. Inde, Malembo atiphunzitsa kuopa Mulungu. Koma kuopa kumeneko kuchokera pa kumdziwa, ndipo kukula pamene mwana akula. Mantha a bodza achokera pa kusadziwa, ndipo afa tsiku limene mwana atsegula maso.

Chiweruzo chathu

Tsono tikaika malangizo a agogo pa muyeso, titi: nthawi yake njabwino, njira yake ya nthano njabwino, chikondi chake palibe buku lingafanane nacho, ndipo malamulo ake ambiri ngolungama. Chosowa ndi chifukwa choona kumbuyo kwa lamulo lililonse. Pamene chifukwa chilipo, chinenedwe poyera. Pamene chifukwa chafunidwa nichisapezeka, monga pa dzira la mai wapakati ndi pa mankhwala a liwombo, lamulolo ligwe pansi ndi mankhusu.

Kwa inu agogo, amai athu, tinena mwaulemu: mdzukulu akafunsa kuti, Chifukwa ninji? musamuyese wamwano. Muuzeni kuti fuwa litentha. Mudzaona kuti mau anu salemera pang'ono chifukwa ali oona, koma alemera koposa. Ndipo mpongozi kapena mwana wanu akabwera kusikelo ndi mau atsopano, mumfunse bwino, kapena mupite naye mwezi wamawa mukamve nokha. Amene adalera ana asanu ndi atatu sachepa pofunsa.

Kwa inu makolo ndi aphunzitsi achinyamata: musaseke gogo pamaso pa mwana. Akulu adati, akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mukaumitsa dambolo, moto wa mwana wanu udzazimira kuti? Mukapeza cholakwa, kakambeni ndi gogoyo padera, monga muchita ndi mkulu wa mpingo. Ndipo inu okhala kutali, potumiza ndalama za feteleza, mukumbukire kuti amene alikulera ana anu ndi munthu wotopa, wofuna bulangete, mankhwala ndi mau othokoza.

Kwa akulu a mpingo ndi amai a Chigwirizano: pa misonkhano ya kaleredwe ka ana musaitane amai oyamwitsa okha. Agogo akhale patsogolo, ayambe ndiwo kunena zimene adziwa, ndipo mlangizi wa zaumoyo anene zake pambuyo. Ana a sukulu odziwa kulemba atumidwe kukalemba nthano, miyambi ndi kaphikidwe ka ndiwo zakale kuchokera pakamwa pa agogo ao, pamodzi ndi matanthauzo ake, kuti zisatsale ngati zithunzi za ku Chongoni, zimene tiziona ndi maso koma ozimasulira alikutha.

Makolo adati mau a akulu akoma akagonera. Mwambiwu ngwoona pa mau oona okha, pakuti ndiwo amene mwana awapeza ali chiimire atakula, atayenda, atawerenga ndi kuyesa zonse. Tipemphe Mulungu kuti m'midzi yathu muchuluke a Loisi, onena zoona kwa adzukulu ao kuyambira ali kumsana.